Chikhasu cha a Chipembere pa Dima

Kalekale, nyama zikadalima minda ngati ife, kunali Chipembere amene anakwatira chikamwini kutsidya kwa dambo. Ana inu sendererani kuno, nanunso akuluakulu musayerekeze kusinza, mwina nkhaniyi ndi yanu.

Chipembereyu kudya ankadya za anzake anayi, koma munda umene anapatsidwa unali tchire lokhalokha. Apongozi ake, mayi a mkazi wake, anatuma mawu kudzera kwa ankhoswe kuti mvula yoyamba ikagwa mizere palibe, mkamwini apinde mphasa yake azipita kwawo.

Chipembere anaganiza zoitana dima. Paja dima mukulidziwa: anzako amabwera ndi makasu kudzakulimira, iwe n'kuwaphikira thobwa. Koma zogawana thobwa ndi mudzi wonse zinamuwawa mumtima. Ndiye anapita kwa Nungu wosula zitsulo kuti amusulire khasu limodzi lamphamvu, loti alimi atatu okha amalize munda tsiku limodzi, mitsuko yotsalayo ikhale yake.

Nungu anasula, ngwe ngwe ngwe. Chipembere akuti onjezera nkhwangwa kumbuyoku. Ngwe ngwe ngwe. Onjezeranso chikwakwa m'mbalimu. Ngwe ngwe ngwe. Mpini wake unali thunthu lathunthu la muwanga. Kuti ulime, unkayamba wapotokola mpini katatu, kukoka chingwe, kuponda kamtengo kam'munsi, kenako n'kugwetsa. Nungu anamuuza kuti ayambe waliyesa yekha, koma iye anangolikokera kumudzi akuyerekedwa.

Tsiku la dima anaitana atatu: Gwape, Njiri ndi Sakhwi, kanyama kaja ka mphuno yosongoka. Anawalamula kuti makasu awo awataye m'udzu. Analamulanso kuti thobwa amwe yekhayo amene waunda mzere ndi chikhasucho. Atawafunsa ngati amva kagwiridwe kake, onse anavomera, poti aliyense ankaopa kuoneka mbuli pamaso pa anzake.

Gwape anayesa kunyamula, chikhasu chili nji! Njiri anagwada, napotokola mpini, nakoka chingwe, chikwakwa n'kumumeta ubweya wonse wam'nthiti, psiti. Dzuwa linafika paliwombo mzere ulibe ndi umodzi womwe, ndipo kum'mawa mitambo inali itayamba kuda bii. Chipembere anakhala pamthunzi atakumbatira mitsuko, akuwanena anzake kuti ndi alesi.

Sakhwi anapempha kuti akataye madzi. Kuthengo sanapiteko. Anathamangira kumudzi n'kukauza apongozi aja kuti akamwini awo akufuna kuonetsa zodabwitsa kumunda. Posachedwa amayi onse a m'mudzi anali atafola m'malire mwa munda, apongozi patsogolo.

Sakhwi anagwada mwaulemu nati, "A Chipembere, ife mitu yathu ndi yaing'ono, zatikanika. Tatiundireni mzere umodzi wokha, tionere kwa eni ake."

Chipembere anadzuka pamthunzi paja. Chikhasucho anali asanachigwiritsepo ntchito chisulire. Koma akana bwanji apongozi akuyang'ana? Anachinyamula, mphamvu anali nazo. Anapotokola kawiri m'malo mwa katatu. Anakoka chingwe, nkhwangwa yakumbuyo n'kukola nthambi ya mtengo. Anaponda kamtengo kaja, chikwakwa n'kumudula mchira, kutsala kachidutswa. Pamene amatembenuka kuti aone mchira, nthambi inathyoka, iye chagada khuu, miyendo m'mwamba, pamapazi penipeni pa apongozi.

Palibe anaseka. Bola akanaseka. Amayi anangophimba kumaso ndi zitenje, apongozi n'kuyang'ana kumbali. Chipembere anagwidwa ndi manyazi moti analakalaka nthaka itang'ambika alowe.

"Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere," anatero apongozi motsitsa mawu, ngati akulankhula ndi mtengo.

Sakhwi anatola kakhasu kake m'udzu, amayi aja n'kuthamangira kumudzi kukatenga makasu awo. Khaa, khaa, khaa, mizere inayamba kuoneka. Chipembere anadzuka, nakwawira kwa Sakhwi, namunong'oneza kuti amubwereke khasu wamba. Analigwira kamodzi, lomwelo n'kumvera, osapotokola, osakoka chingwe. Madontho oyamba a mvula anagwa mzere womaliza utaundidwa.

Chipembere atatambasula dzanja kuti atunge thobwa, Sakhwi anatsokomola.

"Pepani achimwene, lamulo lija ndi lanu lomwe. Ndi chikhasu chija simunaunde mzere. Ife lamulolo silitikhudza, apongozi anu alichotsa kwa alendo okha."

Mitsuko yonse inatha iye akumeza malovu. Pamudzi sanamuthamangitse, koma chikhasucho apongozi anachiimika pakhomo pake penipeni n'kumayanikapo mfutso, kuti azichiona potuluka ndi polowa. N'chifukwa chake mpaka lero Chipembere amayenda chozolika, kamchira kali pendapenda.

Nthano yanga yathera pa mzere womalizawo, phulani mbatata zisapserere. Koma inu amene mumagulira anzanu zida zogwirira ntchito, muziyamba mwaunda nazo mzere umodzi nokha, apongozi asanafike.