Nkhuku Zimene Zinadikira Esinala

Panali mayi wina wamasiye, Nangozo, amene anali ndi mwana mmodzi yekha, dzina lake Esinala. Mwanayo atakula anapita ku Joni kukagwira ntchito ya m'nyumba. Tsiku lonyamuka anati, "Amayi, chaka chimodzi chokha ndibwerako. Mudzandiphere nkhuku yonona, osati zija za mafupa okhaokha."

Iye ananena moseka, koma mayi akewo anasunga mawuwo mumtima. Mukudziwa inunso kuti kwathu kuno mwana wochokera kutali sitimulandira ndi nkhwani.

Chaka chinatha. Kenaka Esinala anaimba foni kuti Khirisimasi imeneyo adzadyera kumudzi. Nangozo anathamangira kumsika, nagula anapiye oyera aja okula m'masabata asanu ndi limodzi. Ankawadyetsa chakudya cha m'sitolo, mwiniwake akudyera chisoso chopanda ndi tomato yemwe. Nkhukuzo zinanenepa mochititsa kaso. Pa Khirisimasi anasesa bwalo kawiri, nakhala pakhonde maso ali kumsewu. Maminibasi anaima, anthu anatsika, ana a eni ake anakumbatirana ndi makolo awo. Esinala sanatsike. Abwana ake anali atamukaniza tchuthi.

Tsono nkhuku zoyera zija sizidziwa kudikira. Zikafika pake, zafika. Zinapitirira kulemera mpaka miyendo inakana kunyamula thupi, zinangokhala pansi n'kumapuma wefuwefu. Anansi anamuuza kuti aziphe, adye, zina agulitse. Iye anakana. "Nanga mwana akatulukira mawa?" Zinafa imodziimodzi, ndipo anazikwirira kuseri kwa khola.

Pa Pasaka zinachitikanso chimodzimodzi. Khirisimasi yotsatira, chimodzimodzinso. Anthu anayamba kumuseka kuti Nangozo amawetera dzenje. Chitenje chinayamba kumuzungulira kawiri, poti chilichonse chabwino m'nyumbamo chinali cha tsiku lija losafika.

Ulendo wachinayi kumsika, mayi wogulitsa anapiye anamuyang'ana nthawi yaitali asanamupatse kanthu.

"Amayi, kodi mlendo wanuyo afika liti?"

Nangozo anatsegula pakamwa kuti atchule mwezi, monga ankachitira nthawi zonse. Mwezi sunabwere. Anayang'ana pansi, nati, "Sindikudziwa."

Aka kanali koyamba kuti anene mawu amenewa, ndipo anamuwawa kwambiri.

"Ndiye zoyerazi si zanu," anatero wogulitsayo. "Izi n'za munthu wodziwa tsiku. Zofiirazo n'za mazira. Kuikira zimaikira ndithu, koma mukadzasosola nthenga mudzapeza mafupa. Inu tengani zakudazi, za mikolongwe. Zimakula mosafulumira, zimadzipalasira zokha, zimaikira, ndipo tsiku lililonse limene mungagwire imodzi, mnofu mudzaupeza."

Nangozo anayang'ana nkhuku zakudazo. Kugula nkhuku zokula pang'onopang'ono kunali ngati kuvomera kuti mwana wake achedwa. Mtima unkamukokera kwa anapiye oyera, chifukwa amenewo ankamulonjeza masabata asanu ndi limodzi okha. Koma anakumbukira dzenje la kuseri kwa khola. Anasankha misoti inayi yakuda ndi katambala kamodzi, naziika m'dengu, nabwerera kwawo misozi ikuyenderera njira yonse.

Miyezi inapita. M'mawa wina msoti umodzi unatetera, ndipo m'khola munali dzira lofunda. Analigwira m'manja, maganizo oyamba ali akuti amusungire Esinala. Kenaka anadziseka yekha, poti dzira nalonso silidikira munthu wa ku Joni. Analiphika, nalidya ndi mchere. Mawa lake anadya lina. Poti mikolongwe sikonda kufungatira, mazira ena anakaika pansi pa thadzi lachikuda la mnansi wake kuti lifungatire, ndipo bwalo linadzaza nkhuku zakuda.

Musaganize kuti kusowa mwana kunatha. Ayi. Mafoni anayamba kubwera patalipatali, kenaka analekeratu. Minibasi iliyonse ikaima kumsewu, Nangozo ankasiya lichero n'kuimirira. Tsiku ndi tsiku ankamusowa mwana wake, kungoti tsopano ankamusowa ali ndi mphamvu zoimirira. Tambala akakalamba ankamupha, n'kuitana anansi, n'kusiya wamng'ono kuti alowe m'malo. Pabwalopo sipanasowe tambala wa Esinala.

Zinatha zaka zitatu chigulire nkhuku zakudazo. Masana ena a mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, anaona munthu akubwera m'kanjira ka kumsewu. Anali mayi wowonda, atanyamula kachikwama kamodzi, akuyenda pang'ono n'kuima kuti atsokomole. Nkhope sanaizindikire. Anazindikira kayendedwe.

"Amayi," anatero Esinala, maso ali pansi, "ndabwera chimanjamanja. Ndakhala ndikudwala. Ndimachita manyazi kukuimbirani."

Nangozo anamulandira kachikwama kaja. Anamuyalira mphasa pamthunzi, namupatsa madzi, nalowa m'nyumba kukatenga mpeni. Panalibe uthenga, panalibe masabata okonzekera, koma tambala analipo, wolemera ngati mwana wakhanda. Dzuwa lisanapendeke, ndiwo zinali pamphasa.

Esinala ananyema kanthuli kamodzi, natafuna, nalephera kumeza. Anangomwa msuzi pang'ono n'kukankha mbale. Mayi ake anayang'ana mbale ija imene anaiyembekeza zaka zonsezi, ili yodzaza, ndipo mtima unamusweka. Phwando linalipo, koma mwana analibe mphamvu zolidyera.

M'mawa mwake thadzi linatetera. Nangozo anatola dzira, naliswera m'phala, namumwetsa mwana wake ndi supuni monga ankachitira ali wamng'ono. Phalalo linalowa. Anapita naye kuchipatala, analandira mankhwala, ndipo m'mawa uliwonse dzira linkapezeka m'khola. Mvula inagwa, chimanga chinamera, chinafika m'chiuno. Tsiku lina Esinala anatuluka yekha, nakhala pakhonde, nayang'ana nkhuku zikupalasa.

"Amayi," anatero, kumwetulira kwake kwakale kuja kutabwerera, "paja ndinati mudzandiphere nkhuku yonona. Ija sindinaidye ine."

Nangozo anakatenganso mpeni. Ulendo uno Esinala anadya mpaka kuswa mafupa, mayi ake akungomuyang'ana, osagwirako n'komwe.

Inu amene mukumva, ambiri a inu muli ndi amene mukumudikira. Tsiku lake simulidziwa, ndipo simudziwa kuti adzafika ali wotani. Musamangirire moyo wanu wonse pa tsiku limodzi la phwando. Wetani chimene chingadikire nanu limodzi, chokudyetsani lero ndi mawa, kuti wobwerayo adzakupezeni muli moyo. Mwina chimene adzafune poyamba si tambala ayi, koma dzira limodzi m'mawa uliwonse, ndi munthu wamphamvu zomuphikira.