Kiyi wa Malemu a Chilinda

Kalekale, koma osati kale la makolo, makompyuta atalowa kale m'nyumba za anthu, ku Zomba kunali mayi ena dzina lawo Nangondo. Mayiwa anadwala sitiroko, thupi lonse n'kufa, pakamwa n'kutsekeka. Chimene chinatsala chamoyo ndi maso, ndi chala chachikulu cha kumanzere.

Amuna awo, a Chilinda, anali katswiri wa mapulogalamu a kompyuta, ndipo anawapangira pulogalamu yolembera. Zilembo zinkadutsa pa sikirini chimodzichimodzi, chikafika chimene akufuna, Nangondo ankadina batani ndi chala chija. Liwu limodzi linkatenga nthawi yoti munthu n'kusenda chinangwa, komabe linkatuluka. Mabanja ena a odwala otere atamva, nawonso anayamba kuigwiritsa ntchito.

Tsiku lina a Chilinda anagwa ali kumsika, osadzukanso. Maliro atangotha, kompyuta yawo yakale ija nayo inazima, osayakanso. Nangondo anatsala duu.

Anali ndi ana atatu, ndipo onse bambo awo anawaphunzitsako ntchitoyi. Woyamba, Fatsani, anali ku Joni. Mzime, Lonjezo, anali ku Mzuzu. Wapakati, Zione, ndiye ankakhala ndi amayi ake.

Zione sanalire pamaliro paja, ndipo misoziyo sinabwere ngakhale pambuyo pake. Ankadzuka, kuwasambitsa amayi, kuwatembenuza, kuwamwetsa phala, kutsuka mbale. Anthu akamupepesa ankayankha kuti zikomo, ngati wina wangomupatsa njira. Kenaka amayi anayamba kukana phala. Chala chija chinkagogoda pa bulangeti, pamene panalibe batani. Zione ankachiyang'ana monga munthu amayang'anira mpopi wodontha wa kwa aneba.

Kompyuta ina inapezeka. Khodi ya pulogalamuyo, ndiye kuti malamulo onse amene a Chilinda analemba, inali bwinobwino pa intaneti. Koma khodi ili ngati njerwa ndi mchenga pabwalo: sungagonemo mpaka wina amange nyumba. A Chilinda ankamanga okha pamanja, ndondomeko yake ili m'mutu, ndipo mutuwo unali kumanda.

Fatsani sanabwere kumaliro chifukwa mapepala ake anali asanalongosoke. Anaimba foni n'kunena kuti, "Kudzaika bambo ndalephera. Ichi chokha ndichita." Akaweruka kuntchito ankakhala pa khodi ija, kufufuza chimene chimayamba ndi chimene chimatsatira. Analemba malangizo oti makina ena a pa intaneti azimanga okha pulogalamuyo nthawi iliyonse imene munthu wasintha ngakhale mzere umodzi, kuti ntchitoyo isadzakhalenso m'mutu mwa munthu woti angafe. Makina aja ankagwa pakati, iye n'kukonza, n'kugwanso pena. Potsiriza pulogalamu ija inamangika.

"Zione, yatheka. Iike amayi alankhule," anatero Fatsani pafoni.

Koma Lonjezo anati, "Dikirani kaye, achimwene. Kumangika n'kwina, kugwira ntchito n'kwina." Iye analemba mayeso. Anawaphunzitsa makina aja kudziyesa chala cha amayi: chala chodina mwamphamvu, chala chochedwa, chala chonjenjemera. Akangomaliza kumanga ankayesa okha zonsezo. Zikakhoza, nyali yobiriwira inkayaka pa sikirini. Chimodzi chikalephera inkayaka yofiira, ndipo makinawo ankakana kuitulutsa pulogalamuyo. Inayaka yofiira. Chala chikanjenjemera, kompyuta yatsopanoyo inkawerenga kudina kumodzi ngati kuwiri, moti munthu akasankha "inde" inkalumpha n'kulemba "ayi".

"Amayi sakudya, iwe ukusewera ndi nyali!" anakalipa Fatsani pafoni. "Tsegula, aigwiritse ntchito chomwecho."

"Ndiye tiziwafunsa ngati akumva ululu, makina aziwayankhira kuti ayi?" anatero Lonjezo. "Sinditsegula."

Sabata inatha akukangana. Onse awiri anafufuza pamene panali vuto, osapapeza. Zione ankawamva, foni ili chafufumimba patebulo, iye akupala mbatata.

Chiikireni bambo ake, Zione anali asanaitsegulepo khodi ija. Masana ena atayanika zovala anakhala pansi n'kuitsegula, mopanda chifukwa chenicheni, monga munthu amatsegulira kabati asakufuna kanthu. Anawerenga mzere ndi mzere, kuyembekezera kuti mwina mtima uwawa poona ntchito ya manja a bambo ake. Sunawawe. Anangoona kuti bambo ankayeza mpata wa pakati pa kudina ndi kudina potengera liwiro la kompyuta yakale ija, osati wotchi, ndipo yatsopanoyi inali yothamanga. Anapita kukagwira dzanja la amayi, kumva m'mene chala chinkanjenjemerera, n'kubwerera kudzalembanso malo amenewo. Anatumiza. Makina a Fatsani anamanga. Mayeso a Lonjezo anayenda. Nyali inabiriwira. Zione anayamba wakaanula zovala poti kunja kunkachita mdima wa mvula, kenaka n'kudzaika batani pansi pa chala cha amayi.

Zilembo zinayamba kudutsa. Nangondo analemba: MWENDO. Anapuma. Analembanso: UKUOTCHA.

Zione anavundukula bulangeti. Katumba wa mwendo wakumanja anali atatupa, akutentha ngati chitsulo chosiyidwa padzuwa. Mwendo umenewo ankausambitsa yekha m'mawa uliwonse.

Kuchipatala adokotala anati magazi anaundana mumtsempha, ndipo akanangoyenda n'kufika m'mapapo, bwenzi kunyumbako kutagwanso maliro. Anawapatsa mankhwala, Nangondo n'kuchira, n'kuyambanso kumwa phala.

Tsono panatsala nkhani ya kiyi. Khodi ija inali ndi mwini mmodzi, wokhala ndi kiyi, ndiye kuti mawu achinsinsi, amene amavomereza kapena kukana chilichonse chosinthidwa chisanafike kwa odwala. Amenewo anali malo a a Chilinda, amene anasiyira akazi awo kiyiyo, ndipo mabanja ena aja anali atayamba kale kufunsa kuti azilankhula ndi ndani. Mapepala a Fatsani atalongosoka, iye ndi Lonjezo anabwera kudzazonda amayi, ndipo anafuna kuti ana atatuwo agawane kiyiyo. Nangondo anadina batani. Ana atatu anaima kuseri kwa mpando, kudikira chilembo ndi chilembo.

MMODZI. ATATU MUKANGANA.

"Ndani, amayi?" anafunsa Lonjezo.

AMENE WANDIPULUMUTSA.

Atatero anachotsa chala pa batani n'kutsinzina. Anawafunsa mobwerezabwereza, koma dzina sanalitchule.

Ana aja anatuluka pakhonde.

Fatsani anati, "Popanda ine bwenzi mukuyesa chiyani? Bwenzi mukukonza chiyani? Munali ndi mulu wa njerwa basi. Ndipo iwe Lonjezo, nyali yako yofiira ija inawagoneka amayi sabata yathunthu magazi akuundana."

Lonjezo anati, "Pulogalamu yanuyo ikanawaika amayi mawu abodza pakamwa, ife n'kumakhulupirira. Ine ndi amene ndinaona kuti ikunama. Inu mumamanga muli kutali, achimwene. Ngakhale manda a bambo mwawaona dzulo."

Kenaka onse anacheukira Zione. Fatsani anati, "Iwe unakonzadi, sitikukana. Koma khodi inali pamphuno pako nthawi yonseyi, osaitsegula."

Lonjezo anawonjezera motsitsa mawu, "Ndiponso mwendo uja unkatupira m'manja mwanu, achemwali."

Zione anawayang'ana. Anadikira kuti mwina mkwiyo ukwera pachifuwa, kapena manyazi, kapena kufuna kiyiyo. Panalibe chimene chinakwera.

"N'zoona," anatero. "Koma inu awiri munaufufuza mzere uja sabata yonse."

Anadzuka n'kulowa m'nyumba, poti nthawi yowatembenuza amayi inali itakwana.

Nkhani ndi imeneyo, abale anga, ndipo ine sindiigamula. Wina anamanga, koma anafuna kupereka chinthu chonama. Wina anagwira bodzalo, koma anatseka khomo mayi ake akudwalira mkati. Wina anakonza, koma anachedwa, ndipo maso ake sanaone chimene manja ake ankasambitsa. Nangondo akuti mmodzi. Inuyo mukanakhala pakhonde paja, kiyi wa malemu a Chilinda mukanamupatsa ndani?