Madzi Aawisi a Lufeyo

Panali munthu wina dzina lake Lufeyo, wa ku Ntcheu, amene ankasamala maluwa kwa mzungu ku Debeni. Ndinkamudziwa bwino, poti Debeni yonseyo ine ndinaizungulira wapansi tsiku limodzi, dzuwa lisanapendeke.

Patatha zaka zisanu ndi ziwiri anaitanitsa mkazi wake, Nagama. Atangofika, Lufeyo anamusonkhanitsira Amalawi onse a m'tauni muja. Ndinawawerenga ndekha: zikwi zitatu, m'chipinda chimodzi, aliyense ndi malangizo ake. Mayiyo anafota. Chikwama chake sanachimasule.

Pofuna kumusangalatsa, Lufeyo anapempha kwa bwana wake bokosi lakale lagalasi lowetera nsomba za m'nyanja yamchere. Anathiramo madzi amchere, anaikamo miyala, tsiku lomwelo n'kuponyamo nsomba makumi awiri. Kwathu nyumba yatsopano sigona yopanda anthu, ndiye anati bokosilo nalonso lisagone lopanda nsomba. Pofika Lachinayi zonse zinali chagada.

"Mwaona, bambo?" anatero Nagama. "Madzi akuno sasunga mlendo. Ine ndikupita kwa amayi."

Lufeyo anathamangira kwa mkulu wogulitsa nsombazo. Mkuluyo anati, "Madzi akowo ndi aawisi. Pali tizilombo tosaoneka timene timadya zonyansa za nsomba. Tizilomboto tisanaswane pa miyala, nsomba imafa ndi uve wake womwe. Yamba wadyetsa madziwo, udikire milungu isanu ndi umodzi."

Atabwerera anachonderera mkazi wake. "Ndipatseni milungu imeneyi, aNagama. Ikafanso ina, ndikakukwezani basi ndekha."

Ndiye m'mawa uliwonse ankawaza kachakudya m'galasi lopanda nsomba lija. Anzake ankaseka pakhomo: "Achimwene, mwayamba kuweta mizimu?" Iye sankawalowetsa.

Miyala ija inayamba kuchita ndere. Nagama anali mkazi waukhondo, mapoto ake ine ndinkametera ndevu ndikudziyang'anirapo. Sanapirire. Tsiku lina Lufeyo anamupeza ataima pagalasi paja, sopo ali m'manja. Anamugwira dzanja.

"Zisiyeni, mayi. Litsirolo ndiye eni mudzi akumanga."

"Anthu adzati ndine wauve."

"Anthu ake ati? Si ndinawathamangitsa onse?"

Nagama anaseka, koyamba chifikireni. Sopo anakabweza kubafa.

Milungu itakwana, Lufeyo anaikamo kansomba kamodzi kokha. Kanabisala kuseri kwa mwala masiku atatu, Nagama ali pampando kukadikirira. Tsiku lachinayi kanatuluka, n'kudzadya pa chala cha mayiyo. Patapita milungu iwiri mwamunayo anawonjezera kena. Sabata yomweyo Lufeyo anaitana mayi mmodzi wakwawo kudzamwa tiyi. Mmodzi basi. Mlendoyo atachoka, Nagama anamasula chikwama chija, zovala n'kukoleka pamsomali.

Kansomba koyamba kaja kanakula ngati thole. Kakandiona kankandipatsa moni, mpaka kufunsa za kumudzi.

Tsono iwe mphwanga, Loweruka lino ukutenga mwana wa eni. Usamukhuthulire abale ako onse tsiku limodzi. Nyumba yanuyo madzi ake akadali aawisi, alekeni apse. Ndipo zina zikaoneka ngati ndere, musathamangire sopo. Ife tizibwera mmodzimmodzi. Woyamba ndikhale ine, poti ndimadya pang'ono: nkhuku ziwiri basi.