Denga la Chikhasu

Inu simunamve kanthu. Makutu aakuluwo mumangokongoletsera mutu basi. Khalani pansi, ndi iwe wemwe wa mamina.

Kunali mkamwini dzina lake Chikhasu, mphamvu ngati ng'ombe, nzerunso za ng'ombe yomweyo. Chaka chimenecho anadzaza nkhokwe ya apongozi ake mpaka pakamwa. Denga analimangira pansi monga timachitira, kuti alikweze pambuyo pake. Akumaliza chomwechi, mitambo ya chiperoni inayamba kutsika m'phiri. Chimanga chikanyowa masiku atatu chimawola, ndiye banja lonse njala, mlandu wa mkamwini.

"Ndisenza ndekha," anatero Chikhasu.

Analowa kunsi kwa denga nalidzutsa. Denga linamumeza. Kunangooneka miyendo iwiri ikudzandira, kenako khuu, pansi!

Mkazi wake Nangondo anafunsa, "Bambo a Tiyanjane, chipewa chimenechi mwagula kuti?"

Mwamanyazi Chikhasu anaitana amuna asanu ndi awiri. Anazungulira denga, nalisenza. Iye anakuwa, "Kumanzere!"

Koma anthu ataima mozungulira, kumanzere kwa uyu ndi kumanja kwa uyo. Aliyense anakokera kwake.

"Kumanzere kwa ndani, alamu?"

"Mwandiponda, inu a miyendo ya kakowa!"

Phaso limodzi linathyoka, thyo! Madontho oyamba anayamba kugwa.

Ali kunsi kwa udzuko, thukuta lili kamukamu, Chikhasu anamva mtondo kuseri kwa nyumba. Nangondo ndi mayi ake ankasinja mumtondo umodzi: munsi uwu ukakwera, uwo watsika. Palibe wolamula mnzake, komatu minsi yosagundana. Aliyense ankangomvera wa mnzake.

"Tatsekani pakamwa nonse!" anatero. "Yang'anani kunkhokwe. Munsi ukagunda, pondani."

Gu, anaponda. Gu, anapondanso. Wamtali anafupikitsa phazi, wamfupi anatambasula. Amayi aja anasiya kusinja kuti aonerere, koma amuna sanasokonezeke ayi. Aliyense tsopano ankamva phazi la mnzake kudzera m'denga momwemo. Miyendo khumi ndi isanu ndi umodzi, kuyenda ngati ya munthu mmodzi! Anafika, anakweza, denga linakhala khathi! Chiperoni chinatsika chonse, chimanga chili gwa, chouma. Nthungululu mudzi wonse.

Apongozi sayankhula ndi mkamwini maso ndi maso, mukudziwa. Ndiye anafulatira, nauza mtondo mokweza kuti: "Iwe mtondo, ukamuuze mwamuna wa mwana wanga kuti lero ndiye wakwatira. Mutu umodzi susenza denga."

Mwambiwo unayambira pamenepo. Ntchito yaikulu imafuna anzako, inde. Koma mitu ingachuluke bwanji, mapazi akamakangana denga lidzakugwerani. Mvera wa pambali pako, iyenso amvere wa pambali pake, mudzafika.

Nanga mwangoti kukamwa yasa bwanji? Mmero wanga wauma ndi inu. Iwe wa mamina, kanditungire madzi, chikhocho uyambe watsuka!