Chombo Chopita ku Nyenyezi

Panali munthu wina, wokonza mawailesi, amene ankalemba nkhani za zinthu zomwe sizinachitike. Ankalemba za dziko lathu lomweli zaka mazanamazana zikubwerazo: mvula yoitanitsa ndi makina, midzi ya pamwezi, anthu achitsulo opalira chimanga. Nkhani yake yaikulu inali ya chombo chimene chinanyamula mudzi wathunthu, ndi mbuzi zake ndi mbewu zake, kupita ku nyenyezi ina. Ulendowo unali wautali kuposa moyo wa munthu. Okwerawo ankadziwa kuti iwo sakafika, ana awonso sakafika. Mwina zidzukulu za zidzukulu.

Nkhanizi sankagulitsa. Ankatumiza pa foni kwa aliyense wozifuna, ndipo Loweruka ankakhala pakhonde la shopu yake kuphunzitsa ofuna kulemba. Akutali ankawaphunzitsa pa foni pomwepo. Kaphunzitsidwe kake kanali kamodzi: wophunzira aliyense ankamupatsa chombocho kwa m'badwo umodzi.

"Anthu awa ndi ako tsopano," ankatero. "Uwadyetse, uwakwatitse, uwalire akamwalira. Ukamaliza upatse mnzako. Koma usawafikitse msanga."

Abale ake ankamuseka. "Achimwene, kodi nyenyezi amadya?" ankafunsa mng'ono wake. "Anzanu akumanga nyumba zamalata, inu mukumanga za m'mitambo."

Munthuyo anadwala, namwalira. Anasiya mwana mmodzi wamwamuna, koma pamaliro a bambo mwana ndi mlendo. Olankhula ndi eni mbumba. Choncho mbiri ya malemu anawerenga mng'ono uja, kumanda, bokosi litatsitsidwa kale. Anabadwa, anabatizidwa, ankakonza mawailesi, wasiya mwana. Basi. Za kulemba anali atagwirizana pachibale kuti ndi zamanyazi, zisatuluke pagulu. Adzukulu, okumba manda aja, anatola mafosholo.

Pamenepo mayi wina amene panalibe womudziwa anaimirira pakati pa amayi. Kumanda mkazi saimirira osaitanidwa.

"Pepani eni maliro," anatero. "Mbiriyi sinathe. Ine malemuwa anandipatsa chombo madzi akutha. Ndinavutika nacho miyezi, iwo akungoti, 'Ganizanso.' Kenako anthu anga anakola mwala wa madzi oundana woyandama mumdima, namwa."

Mng'ono uja anakweza dzanja kuti amuletse. Koma kumbuyo, kwa abambo, kunamveka mawu ena.

"Ine ndinalandira kwa mayiwa, ngakhale nkhope yawo ndaionera pano. Nthawi yanga kunabadwa mwana woyamba wosadziwa mphepo. Agogo ake ankamuuzira kumaso kuti aimve."

Wina anaimirira, woyendetsa lole wochokera kumpoto. M'badwo wake unafuna kubwerera, ndipo anakangana mpaka mbewu zinatsala pang'ono kudyedwa. Anaimirira msilikali. Anaimirira mayi wokalamba wa ndodo. Aliyense ankayambira pomwe mnzake walekezera, osaphonya dzina la munthu kapena la mbuzi. Dzuwa linali paliwombo, koma anthu anayamba kuyang'ana kumwamba. Amayi olira anatonthola. Zinali ngati mudzi wonse wakwera nawo chombocho.

Adzukulu saimitsidwa ndi munthu akayamba ntchito. Koma mkulu wawo anazika fosholo m'dothi, natsamira.

"Nanga anafika?" anafunsa.

"Sanafike, bambo," anayankha mayi woyamba uja. "Ali m'njira. Chombo chili ndi mtsikana wina wa ku Nsanje, wachilandira mwezi watha."

Mkuluyo anasuzumira m'dzenjemo kwa nthawi.

"Ndiye ife tikukwirira bokosi chabe," anatero. Atatero anayamba kuthira dothi, pang'onopang'ono, ngati woopa kudzutsa munthu.

Inu bambo aang'ono, inu azakhali, mwabwera lero kudzameta ndi kugawana katundu, ndipo mwandilola kulankhula poti zonse zatha. Munthuyo mukumudziwa, ndi bambo anga. Mbiri yaifupi ija munawerenga ndinu, bambo aang'ono. Munakhala nawo moyo wonse, ndipo chomwe munaona mwa iwo ndi mabatire oti muwapemphe. Ine sukulu ndinalekera panjira, koma ichi ndachimvetsa: musanawerenge mbiri ya munthu, kafunseni amene analandira kwa iye, chifukwa inu mumangodziwa zimene sanakupatseni.

Tengani mawailesi akufawo. Tengani njinga. Chimene bambo anasiya sichiyalidwa pamphasa. Chili kutali, chikuyendabe, ndipo inu simunakwere.