Dzina Pachikuto

Mumsewu wa masitolo ogulitsa zipangizo za akalipentala mumadutsa bambo wina wovala taye, cholembera chakuda chili m'manja. Amalowa sitolo ndi sitolo, n'kupempha kuti amutsegulire makatoni a makina opalira matabwa. Kodi mungalote chimene amafufuta m'makatonimo?

Bamboyu anali mlembi waganyu, wolemba timabuku tija mumatipeza m'katoni mukagula makina, tofotokoza poyatsira ndi pozimitsira. Ankagwirira ntchito patebulo la pabalaza, pakati pa wailesi ndi mulu wa zovala zodikira kusita. Ganyu sankasowa, koma mtima unkamuwawa, pakuti timabukuto sititchula mlembi.

Akulu ake, osoka nsapato, ndiwo ankamuthira tsabola pachilonda. "Iwe umati umalemba mabuku, nanga dzina lako linathawira kuti? Ine ndi phula langali, msika wonse umandidziwa."

Tsono kampani yopanga makina opalira matabwa itamuitana, mlembiyo anauma khosi.

"Dzina langa likhale pachikuto, apo ayi pezani wina."

Mkulu wa kampaniyo anamwetulira. "Palibe chovuta, bambo. Kungoti kuno buku likakhala ndi mwini wake, injiniya wathu saliwerenganso. Wotchulidwayo ndiye watsimikiza kuti zonse zili bwino."

Mlembiyo anangomva zoyambirirazo. Atafika kunyumba anafotokozera mkazi wake, yemwe ankasita malaya.

"Makinawo mwawaonapo akuzungulira, bambo?" anafunsa mayiyo.

"Ndili ndi zithunzi, ndili ndi zolemba za injiniya. Chatsala n'chiyani?"

"Chithunzi sichiluma. Pitani mukawaone kaye, dzina silikuthawani."

"Mayi, fakitale ili kutali, osindikiza akudikira. Inu sitani malayawo, ine ndisite mawu."

Kabukuko kanatuluka, dzina lili pachikuto m'zilembo zonenepa. Anathamangira nako kwa akulu ake, amene anakatembenuza uku ndi uku n'kunena kuti, "Kodi ndi kameneka? Ndimayesa ubwera ndi lolemera." Komabe anakapachika pakhoma, pamwamba pa nsapato.

Chimene mlembiyo sankadziwa n'chakuti zolemba anapatsidwazo zinali za makina akale, okhala ndi buleki. Atsopanowa, ngakhale uwazimitse, mpeni wake umazungulirabe mwakachetechete kwa kanthawi. Koma kabukuko kanati: mukazimitsa, tsegulani chivundikiro ndi kuchotsa utuchi ndi dzanja.

Kalipentala wina, munthu wosamala amene ankawerenga malangizo asanagwire chida chatsopano, anachita monga momwe anawerengera. Zala za dzanja lake lamanja zinatsala m'makina.

Apolisi atafika kukampani, mkulu uja anangotambasula manja. "Ife timapanga makina. Za mawu, onani pachikuto."

Mlandu unayenda pang'onopang'ono, koma mkazi wa kalipentalayo sanadikire khoti. Anafunsira dzina lija mpaka anapeza nyumba. Analowa ndi mwamuna wake, n'kumasula bandeji patebulo pomwe mlembiyo ankalembera.

"Ndinu munawauza kuti atsegule?" anafunsa motsitsa mawu. "Awa sadziwa ntchito ina. Tiuzeni, agwira bwanji hamala?"

Mkazi wa mlembiyo anazimitsa wailesi, n'kuwayalira alendowo mipando.

Kuyambira pamenepo foni ya mlembiyo inati zii. Makampani ena, atamva nkhaniyo, anapeza alembi ena opanda maina. Kampani ija inangomata kapepala kokonza tsamba lolakwikalo, chikuto n'kuchisiya momwemo, ndipo makatoni akupitirira kufika m'masitolo.

M'masitolomo ogulitsa ena amamuthamangitsa mlembiyo, ena amamumvera chisoni n'kumutsegulira. Akale sananame pamene anati mutu ukakula sulewa nkhonya. Chimene bambo wa taye uja amafufuta ndi cholembera chakuda ndi dzina lake.