Kamtengo ka Sandalamu ndi Lachi ya Mmisiri

Panali munthu wina, dzina lake Sandalamu, amene ankayang'anira pampu pa sikimu ina ya mpunga. Pampuyo inkakoka madzi mumtsinje n'kuwathira m'ngalande yaikulu. Inkayendetsedwa ndi mota yamagetsi, ndipo pakati pa mota ndi pampu panali lamba wozungulira magudumu awiri achitsulo. Pakhoma panali bokosi, m'bokosimo munali kontakita. Kontakita ndi swichi yokokedwa ndi maginito. Munthu akadina batani lobiriwira, maginito amakoka chitsulo, magetsi n'kudutsa kupita ku mota. Magetsi akathima, ngakhale kwa kamphindi, chitsulocho chimagwa n'kulira kuti "thi!", ndipo mota siyambanso mpaka munthu atadinanso batani.

Magetsi a kumeneko ankaphethiraphethira, tsiku lina mpaka kasanu. Akaphethira Sandalamu ali kotsegula zipata za ngalande, pampu inkaima ola lathunthu iye osadziwa, ndipo madzi sankafika kuminda ya kumapeto. Alimi a kumapetoko anayamba kunong'onezana. Ankati munthuyu amathimitsa dala munda wa mlongo wake ukangodzaza, popeza mundawo unali kumutu kwa ngalande. Palibe anamufunsa. Komiti ya sikimu inangogula loko n'kukhoma swichi yaikulu ya nyumba ya pampu, kiyi n'kusunga wapampando. Sandalamu anaona lokoyo m'mawa wina. Nayenso sanafunse.

Munthuyu anali ndi chizolowezi chimodzi. Magetsi akathima, ankati imeneyo ndiyo nthawi yosamalira pampu. Ankadikira kuti amve "thi!" uja, n'kupinda malaya, n'kulowetsa dzanja mpaka m'chigongono pakati pa lamba ndi gudumu. Ankapala matope, kuchotsa udzu wokulungana, n'kupaka girisi. Anachita zimenezi zaka khumi ndi chimodzi osakandika ngakhale chala, chifukwa mota sinkatha kudzuka popanda iye kudina batani.

Chaka china komiti inaitana mmisiri wa zamagetsi, Mayi Kalonjere, kuti adzaike lachi pa kontakita. Lachi ndi kambedza kachitsulo. Kontakita ikatseka, kambedzako kamakola chitsulo chija kuti chisagwe, ndipo magetsi angathime n'kubweranso, mota imapitiriza yokha. Mmisiriyo asanafike kunyumba ya pampu, wapampando anali atamuuza kale zonse zimene anthu ankanena za Sandalamu. Anamubwereka kiyi, mayiyo n'kuthimitsa swichi yaikulu, n'kutsegula bokosi.

Pansi pa bokosilo anapeza kamtengo kosongoka, kakuda kunsonga. Mmisiri aliyense amakadziwa kamtengo kotere. Anthu ena amatsekera nako kontakita kuti isagwe, ndipo mamota ambiri apsa chifukwa cha khalidwe limeneli.

"Kamtengo aka n'ka ntchito yanji, bambo?" anafunsa mayiyo.

"N'kotokosera mavu, mayi. Amakonda kumanga m'menemo."

"Mavu a kuno ndi aukali ndithu. Mpaka kukapsereza kunsonga."

Anakaponya pansi n'kuyamba ntchito. Anamangirira lachi pamwamba pa kontakita ndi masikuluwu awiri. Analumikiza batani lofiira, lothimitsira mota, ku koyilo yaing'ono ya waya wokulunga imene imakankha kambedza kuti kamasuke. Kenako anayamba kuchuna, ndipo apa ndi pamene panatenga nthawi. Kambedza kakagwira mothina kwambiri, sikamasuka ngakhale ukadine batani lofiira. Kakagwira molobodoka, kamavuka kokha mota ikamanjenjemera. Mayiyo ankalowetsa kachitsulo kopyapyala koyezera mpata, kupotoza sikuluwu pang'ono, kuyesa ndi dzanja, n'kubwezanso. Anayesa kasanu ndi kawiri asanamange nati. Ntchito yake inali yabwino, ndipo palibe anganene mwina.

Sandalamu anaima kumbuyo kwake, manja ali kumsana.

"Ndiye chimene mukuikachi chizidina chokha batani?"

"Sichisowa kudina. Chimangogwira."

"Chimadya chiyani?"

"Sichidya."

"Sichidwalanso, sichipita kumaliro," anatero Sandalamu. "Komiti ichikonda chimenechi."

Mumtima mwake anali atatsimikiza kale kuti mayiyu watumidwa kudzamuchotsa ntchito. Choncho sanafunse funso lina lililonse, poopa kuti mayiyo akanena kwa wapampando kuti bambo uja ndi wokalamba, zatsopano sakuzimva.

Pambali pa lachiyo panali kandodo kakang'ono komasulira ndi chala. Kandodoko n'kofunika kwambiri, chifukwa magetsi akathima batani lofiira siligwira ntchito, ndipo kontakita imakhalabe yotseka, kudikira. Mayi Kalonjere anakayang'ana kandodoko, anayang'ana kamtengo kali pansi, anayang'ananso loko wa komiti. Anaganiza kuti: ndikamuonetsa munthu uyu pomasulira, azithimitsa pampu mwakabisira, kenako adzati lachi yanga ndi yakufa. Anatseka bokosi osamuonetsa. Malangizo onse analemba papepala, ndipo mzere woyamba unkati munthu asakhudze lamba asanathimitse swichi yaikulu. Pepalalo anapatsa wapampando pamodzi ndi kiyi. Wapampando anayatsa swichi yaikulu, anakhomanso loko, anapinda pepala osawerenga, n'kuwoloka mtsinje kupita kuchinkhoswe cha mwana wa mbale wake.

Kuyambira pamenepo dzanja la Sandalamu linali pangozi, ndipo mwiniwake ndiye yekha amene sanauzidwe.

Dzuwa litapendeka pang'ono, mmisiriyo anali pamsika wa pafupi, kudikira minibasi. Magetsi anathima. Chigayo cha kutsidya kwa msewu chinatonthola, ndipo mayiyo anaona wogaya akutsegula chitseko cha makina ake n'kulowetsa mkono wonse kuti agogode sefa.

"Achimwene, simukuopa kuti magetsi abwera?" anafuula.

"Abwere, mayi! Ichi sichidzuka chokha. Kuno tonse timakonza makina magetsi akathima. Nanga tikonze liti?"

Mayi Kalonjere anaima chilili. Anakumbukira girisi watsopano amene anamuona pa gudumu la pampu, ndi malaya a Sandalamu akuda mkono umodzi wokha. M'mawa anaziona zonsezi, koma maso ake anali pa kamtengo. Minibasi inafika, kondakitala n'kuyamba kukoka chikwama chake. Mayiyo anachilanda, anaitana wa kabaza wa njinga yamoto, n'kumuuza kuti athamange kusikimu.

Kunyumba ya pampu, mota itaima, Sandalamu anapinda malaya monga mwa masiku onse. Anatenga chitini cha girisi n'kugwada. Kenako anadzuka. Panali chinachake chimene sichinachitike. Anatchera khutu kubokosi, koma "thi!" uja sanamveke. Anadina batani lofiira, kuli zii. Anapita pa swichi yaikulu n'kupeza loko.

Za lachi sankadziwa kalikonse. Chimene ankadziwa n'chakuti anthu amene amukhomera swichi ndi omwewo amene abweretsa chinthu chosalira. Anaganiza kuti akufuna akhudze, china chiwonongeke, apeze pomuchotsera. Anatola kamtengo kaja pamene mmisiri anakaponya, anakalowetsa pakati pa lamba ndi gudumu, pamalo enieni pamene ankaika dzanja, n'kukasiya pomwepo. Anakhala pa chidebe pafupi ndi khomo n'kupinda manja.

Anakhala choncho pafupifupi ola. Kenako anamva njinga yamoto pamgula wa ngalande, ndi mawu a mayi akukuwa kuti, "Musakhudze! Bambo, musakhudze lamba!"

Mayiyo atangoponda pakhomo, magetsi anabwera. Palibe anadina batani. Mota inabangula, lamba anakoka, kamtengo kanathyoka pawiri, chidutswa china n'kukamenya malata a denga. Madzi anayamba kukhuthukira m'ngalande ngati palibe chachitika.

Mayi Kalonjere anadina batani lofiira. Tsopano magetsi analipo, ndipo kontakita inagwa, "thi!" Onse awiri anamva.

Sandalamu anatola chidutswa cha kamtengo n'kumupatsa.

"Pamenepo ndi pamene ndimaika dzanja, mayi."

"Munadziwa bwanji?"

"Sindinadziwe. Sichinalire basi. Ndimati mwanditchera kuti ndichoke ntchito. Zoti mpaka mkono, ayi, zimenezo sindinakuganizireni."

"Sindinakutchereni, bambo. Koma ndinakubisirani, ndipo kubisako kukanakudulani mkono chimodzimodzi."

Anatsegula bokosi n'kumuonetsa kandodo komasulira. Anamuuza kuti akankhe yekha, kawiri, mpaka chala chake chitazolowera. Sandalamu anakankha, kambedza n'kuvuka mosavuta.

"Kamtengo kaja sikanali ka mavu," anatero bamboyo akuyang'ana pansi. "Ndinatsekeradi. Masiku atatu, chaka chatha, mpunga wa kumapeto ukufota. Ndinkaima pomwepa osachoka, dzanja lili pa kamtengo."

"Mukanatentha mota."

"Ndikudziwa. Nanga inu, komiti sinanene zondichotsa?"

"Inanena."

Kenako mayiyo anatsegula chikwama, anatulutsa sowo yodulira zitsulo, n'kupita pa swichi yaikulu. Anadula loko wa komiti, loko n'kugwera pansi. Anathimitsa swichiyo, n'kuuza Sandalamu kuti kuyambira tsiku limenelo asadikirenso kulira kwa kontakita, koma azithimitsa apa ndi dzanja lake asanayandikire lamba.

"Apampando akafunsa, munene kuti ndadula ndine. Ndiwadikira pompano. Ndiwauzanso kuti makina odzuka okha safuna kuchotsa munthu, amafuna munthu wouzidwa zonse."

"Akwiya, mayi. Loko ameneyo anachita kukagula kutauni."

"Akwiye. Pakani girisi wanu."

Sandalamu anayang'ana swichi yothimitsidwa, anayang'ana kandodo, n'kugwada. Analowetsa dzanja mpaka m'chigongono.

Inu amene mukuphunzira ntchito ya manja, ndi inu amene mudzayang'anira anzanu, musafulumire kusankha wolakwa pa anthu awiriwa. Mmisiri sanalote: kamtengo kanali kopsadi, ndipo bamboyo anamunamiza. Sandalamu sanalotenso: loko analipo, ndipo komiti inakambadi zomuchotsa. Sindikuuzani kuti musiye kukayika, chifukwa kukayika ndiko kunasunga mkono uja. Koma onani pamene kunathandiza ndi pamene kunawononga. Sandalamu atakayikira makina, anawayesa ndi kamtengo, ndipo choonadi chinaoneka tsiku lomwelo. Pamene anthu ankakayikirana okhaokha, palibe anayesa mnzake ndi funso. Wina anagula loko, wina anapinda manja, wina analemba papepala mawu amene anayenera kunenedwa pakamwa.

Mudzagwira ntchito ndi anthu amene simuwakhulupirira, ndipo nthawi zina mudzakhala ndi chifukwa. Sungani chikayiko chanucho ngati mukuona kuti n'choyenera. Koma mukasintha kachitidwe ka makina, funsani kaye kuti ndani amalowetsamo dzanja, ndipo amalowetsa nthawi yanji. Mukam'peza, kaya mumamukonda kaya ayi, muimikeni pamaso pa bokosi, mumuonetse pomasulira, ndipo musachoke mpaka atakankha yekha.